MAKUTU NDIWO AWERUZE MTENGO WA SIPIKA

Mwezi ukatha, malipiro atalowa, ambiri mwa ife ogwira ntchito m'Boma timaima pa mazenera a masitolo ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu n'kumasirira masipika akulu-akulu onyezimira. Pa makatoni ake pamalembedwa manambala ochititsa kaso, mawati 3,000 kapena 5,000, ndipo wogulitsa amalankhula mau otsekemera mpaka munthu kusaina ngongole ya miyezi yambiri. Kufuna nyimbo zomveka bwino m'nyumba si tchimo ai. Koma ndalama ya thukuta iyenera kugula chinthu chimene chilipodi, ndipo pa malonda a masipika zambiri zimangokhala pa pepala.

Tiyambe ndi mawatiwo. Mukaona zilembo za PMPO pambali pa nambala yaikulu, dziwani kuti kayezedwe kameneka kalibe muyeso umodzi wogwirizana. Kampani iliyonse imawerengera m'mene yafunira. Nambala yodalirika ndi imene imalembedwa kuti RMS, yosonyeza mphamvu imene chipangizo chingatulutse mosalekeza. Tembenuzani chipangizocho, muwerenge kumbuyo kwake kuchuluka kwa magetsi amene chimadya. Ngati chimadya mawati 60, sichingathe kutulutsa mawati 5,000 mosalekeza, monganso thumba limodzi la chimanga silingadzaze nkhokwe. Ku America kukokomeza kotereku kunafika poipa kotero kuti m'chaka cha 1974 bungwe la boma la Federal Trade Commission linalamula kuti opanga maampulifaya azilengeza mphamvu yosalekezayo. Ngakhale mawati enieni sachita zodabwitsa. Kuchoka pa mawati 50 kufika pa 100 phokoso limangokwera pang'ono, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupi-fupi kakhumi.

Wina angaganize kuti zimenezi zimagwera osauka okha. Ai ndithu. Ku maiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu okonda zida za nyimbo amene amagula masipika a mtengo woposa wa galimoto yatsopano, ena oposa ndi wa nyumba yomwe. Magazini ao amadzaza ndi mau okometsera, akuti sipika ili lili ndi mau ofunda, ilo lili ndi mau osalala ngati silika. Chonsecho kagwiridwe ntchito ka masipika ochuluka sikanasinthe kuchokera pamene Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric anakafotokoza m'chaka cha 1925: maginito, waya wokulungidwa, ndi kambale kamene kamanjenjemera n'kumakankha mpweya. Luso lakonzedwa kwambiri m'zaka zimenezi, koma matsenga mulibemo.

Umboni wamphamvu unachokera kwa akatswiri a masipika eni ake. Dr Floyd Toole anagwira ntchito zaka zambiri ku National Research Council mu mzinda wa Ottawa ku Canada, kumene ankamvetsera anthu masipika obisidwa kuseri kwa nsalu yopyapyala. M'chaka cha 1994, ali ku kampani ya Harman ku America, iye ndi mnzake Sean Olive anafalitsa zotsatira za mayeso a masipika anayi. Omvetsera, amene anali antchito a kampaniyo, anaweruza kawiri: ulendo wina akuona masipikawo, ulendo wina osawaona. Pamene ankawaona, masipika aakulu, okongola ndi odula anapatsidwa mamalikisi apamwamba. Nsalu itaikidwa, kusiyanako kunachepa. Chinanso n'chakuti sipika likasunthidwa kupita pa malo ena m'chipindamo, oweruza osaona ankazindikira kusinthako, pamene oweruza akuona sankakulabadira kweni-kweni. Apa tiphunzirepo kuti maso akaona mtengo ndi dzina, makutu amangovomereza. Ngati zinawachitikira anthu ogwira ntchito ya masipika, nanga ife tingapulumuke bwanji m'sitolo?

Nkhani ya mawaya ndiyo yomvetsa chisoni koposa. M'chaka cha 2007 James Randi, amene anatchuka poulula chinyengo cha anthu odzitcha amatsenga, analonjeza madola 1,000,000 kwa aliyense amene angasonyeze ndi makutu okha kuti mawaya ena a sipika, ogulitsidwa pa madola 7,250, amamveka bwino kuposa mawaya wamba abwino. Panali mikangano yambiri, mayesowo sanachitike, ndipo ndalamayo palibe anaitenga. Zimene ophunzira za magetsi amadziwa n'zakuti waya wa sipika uyenera kukhala wa kopa, wonenepa mokwanira molingana ndi kutalika kwake, ndi wolumikizidwa molimba. Zoposa pamenepo ndi zokongoletsa chabe. Chimodzi-modzinso sipika lolengezedwa kuti limafika pa 40,000 Hz. Khutu la mwana wathanzi limalekeza cha pa 20,000 Hz, ndipo ambiri a ife opitirira zaka 50 sitifika n'komwe pa 16,000. Tilipiriranji mau amene angamve ndi mleme?

Pano pasakhale kusamvana. Sitikunena kuti masipika onse ndi ofanana. Pa zida zonse za nyimbo, sipika ndilo limasiyanadi ndi linzake, ndipo lopangidwa mosamala silingakhale la mtengo wa tomato. Ntchito ya a Toole inasonyezanso kuti anthu ambiri, akamamvetsera osaona, amasankha sipika losakokomeza mau a pansi kapena a pamwamba, ndipo khalidwe limenelo limayezeka ndi makina. Chimene tikutsutsa ndi ganizo lakuti mtengo ukakwera kakhumi, ubwino nawonso wakwera kakhumi. Makolo athu ananena kale kuti chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tichite chiani? Popita ku sitolo tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, ndiponso mau a munthu akulankhula, chifukwa khutu silinamizidwa msanga pa liu la munthu. Pemphani kuti masipika awiri aimbidwe pa mlingo wofanana wa phokoso, popeza lofuula pang'ono limaoneka ngati lopambana. Tembenukani, mnzanu azisintha masipikawo inu osaona. Ngati simukumva kusiyana, gulani lotsika mtengo, ndipo musachite nazo manyazi. Funsani mawati a RMS, funsani chitsimikizo cholembedwa, funsaninso ngati amisiri athu angalikonze likaonongeka. Safunsa anadya phula. Mukafika kunyumba, yesani kulisuntha kuchoka pakona, ndi kuika makatani kapena mkeka m'chipinda cha simenti; zimenezi zimasintha mamvekedwe kuposa waya wodula.

Kwa inu amene mumagula zokuzira mau za m'maofesi, m'sukulu ndi za pa misonkhano, udindo wanu ndi waukulu koposa, pakuti ndalamayo ndi ya msonkho wa mlimi wa kumudzi. Musasaine chifukwa cha nambala ya pa katoni. Chipangizocho chiyesedwe pa bwalo, ndipo munthu woima kumbuyo kwa khamu anene ngati akumva mau onse. Tikupemphanso a Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission kuti aziyang'anitsitsa manambala olembedwa pa katundu wotere, kuti wogulitsa aliyense wolemba mawati 5,000 azitha kuwasonyeza akafunsidwa.