Chilonda cha Pamphuno Chisadikire Fodya

Sabata ino tilingalire za abale athu a khungu la chialubino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu otere oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo ena a iwo timapemphera nawo m'miphakati yathu. Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi mphepo yozizira imatinyenga, koma dzuwa la kumtunda limatentha khungu ngakhale kuli mitambo. Mlongo wathu akamalima opanda chipewa cha khonde, mphuno, milomo ndi makutu ndizo zimayamba kupsa. Kachilonda kosapola, kotuluka magazi kawirikawiri, kakhoza kukhala khansa ya pakhungu.

Madokotala akachotsa khansayo itakula kale, mbali ya mphuno imapita nayo. Komabe mphuno imamangidwanso. Njira yodziwika kwambiri idachokera ku India, ndipo idalembedwa m'magazini ina ya ku London mu 1794. Dokotala amadula khungu la pamphumi, nalitembenuzira pansi kuti likute mphuno, koma nsonga ina amaisiya yolumikizika pafupi ndi nsidze kuti magazi aziyendabe. Ngati mphuno yasowa chochirikiza, amatenga kafupa kofewa ka khutu kapena ka m'nthiti. Patatha pafupifupi masabata atatu, khungulo likagwira, amadula kamlatho kaja.

Masabata atatu amenewo ndi mayeso athu. Wodwala amakhala ndi chikopa chotsika kuchokera pamphumi, ndipo maso a anthu amamupweteka kuposa mpeni wa dokotala. Tivomereze kuti kuseka kwathu, mayina achipongwe ndi manong'onong'o a ufiti zimachititsa ena kubisa chilonda ndi nsalu mpaka chitadya nkhope. Ena amati adikire agulitse fodya kuti apeze ya basi, pomwe khansa sidikira msika.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Kachilonda kakang'ono kamachotsedwa mosavuta, kusiya chipsera chochepa. Choncho tisadikire 13 June, tsiku lokumbukira anthu achialubino, kuti tichitepo kanthu. Tiyeni mphakati uliwonse usonkhe ndalama ya chipewa ndi ya ulendo. Tiperekeze wodwala ku Madisi, ku Mtengowanthenga kapena kuchipatala cha boma cha Ntchisi kuti akamuone, ndipo akamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, asapite yekha. Timkumbutsenso kudzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse.

Akabwerako ndi mabandeji kumaso, timsungire malo pabenchi yathu Lamulungu, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere timuyang'ane m'maso.