Kachasu wa ku Scotland ndamulawa pa Nkhudzi

Anzanga achisilamu pepani, lero nkhani ndi ya mowa, komabe werengani chifukwa alovi ndi athu tonse.

Loweruka ndinatenga alendo awiri pa boti kukawaonetsa nkhwazi. Titabwerera kugombe, bambo wachikulireyo, wa ku Scotland, ananditsirira timowa m'tambula. Tochepa zedi, kungonyowetsa pansi. Mumtima ndinati mzunguyu ndi woumira. Ndimati ndigugude, iye gwi! mkono wanga. Akuti yamba wanunkhiza.

Abale, fungo lake! Ndinangoona mayi anga akuwamba kampango m'mawa, utsi uli tolo. Dzina lake Laphroaig, wa pachilumba cha Islay, wa zaka 10. Utsiwo akuti umachokera ku dothi lakuda la m'madambo lomwe amayatsa poumitsa chimera cha barele. Anadonthezamo timadzi pang'ono, ndikumva kamchere, kenako kakutsekemera kobwera mochedwa kukhosi.

Tsono ndinamufunsa kapangidwe kake, ndipo ndinaseka. Ndi kachasu ameneyu! Chimera, madzi, kuwira, kutcheza. Amati single malt chifukwa ndi wa barele yekha, wotchezedwa pamalo amodzi m'miphika ya kopa. Lamulo lawo likuti akhale mumgolo wamatabwa zaka zosachepera 3, apo ayi si Scotch. Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi: woyamba kudontha uja, amene ife timati mutu, iwo samwa. Amampatula pamodzi ndi wotsirizira, n'kukatchezanso. Amatenga wapakati yekha. Ife mutuwo ndi umene timalimbirana, mpaka kuwonjezera ndalama.

Ine sindikunyoza amayi otcheza. Azakhali anga anatilipirira sukulu ndi madeya, shuga ndi mpope, ndipo amene amawathamangitsa sanagonepo ndi njala. Komanso musandimve ngati ndikuti tigule Scotch, botolo limodzi ndi usipa wa mabigiri angati? Ine ndikudandaula kamwedwe kathu. Timamwa kuti tigwe. Ndani mwa ife anganene kuti kachasu wa mayi uyu amakoma mosiyana ndi wa mayi uyo? Timangofunsa kuti akumenya?

Msuweni wanga anali siginala wodziwa ntchito. Usiku wina wa mwera analowa m'bwato ndi kabotolo ka mutu, ati kothamangitsira mphepo. Tinamupeza patapita masiku atatu. Ana ake awiri ali kwathu kuno, mpaka lero amadya m'mbale ya mayi anga.

Eni zilimira, inu mumawerenga nyali ndi mafuta musanatulutse anthu. Botolo bwanji simuliona?

Tambula ija tinakhala nayo kuyambira dzuwa lili pamapiri mpaka nyali za usipa zitayamba kuyaka panyanja. Bamboyo anafunsa ngati kuli mudzi kutsidyako. Ndinati ayi, ndi anzanga ali pantchito. Za mabotolo sindinamuuze.

Tumizirani a m'magombe ena, a ku Msaka ndi ku Makawa awerengeko.