Buku Limene Analikana Kanai

Abale anga alimi a ku Chiponde ndi midzi yonse yozungulira, sabata ino tiyambe taleka za mizere ndi manyowa. Ndifuna tikambe za mwana uja ali pakhomo panu, amene akaweruka kumunda amakhala pa khonde ndi kope lake, nalemba nthano yaitali kufikira nyali itatha mafuta. Ena a inu mumamuyesa waulesi. Tsono akatumiza zolemba zakezo kwa osindikiza mabuku ku Blantyre, ndipo iwo nazikana, mumati, "Suja tinanena ife."

Tamvani za Mai Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe, amene anabadwa m'chaka cha 1959. Ali ndi zaka ngati 25 analemba buku la m'Chingerezi lotchedwa Nervous Conditions. Nkhani yake siidzakhala yachilendo kwa inu. Muli mtsikana wa kumudzi, dzina lake Tambudzai. Ndalama za sukulu zitachepa, makolo anasankha kuphunzitsa mwana wamwamuna. Mtsikanayo anapempha mbeu, nalima kamunda kakekake ka chimanga kuti akagulitse mondokwa ku tauni ya Umtali, imene lero ikutchedwa Mutare. Chimanga chitakhwima chinayamba kusowa m'munda, ndipo wakubayo anali mlongo wake yemwe, uja wa pa sukulu. Kodi kuno kwathu kulibe atsikana otere?

Buku limeneli osindikiza anai a m'dziko lake lomwe analikana. Maiwo sanaliponye pamoto. Analitumiza ku London, kwa osindikiza otchedwa The Women's Press, amene nchito yao inali kutulutsa mabuku olembedwa ndi akazi, ndipo linatuluka mu 1988. Chaka chotsatira, 1989, linalandira mphotho ya olemba a m'maiko a Commonwealth, chigawo cha Africa. Lero liri kuwerengedwa m'masukulu a ukachenjede m'maiko ambiri.

Inu mumadziwa za msika kuposa ine. Mukatengera nandolo pa Chiponde, wogula nakukanani kapena kukupatsani mtengo wachipongwe, simukhuthulira thumba m'ngalande. Mumalikweza pa njinga kunka ku Namwera, ena amafunsanso mtengo wa kutsidya ku Mandimba. Wosindikiza nayenso ndi wamalonda. Amagula mapepala ndi inki, amalipira anchito, ndipo kuno ku Malawi chimene chimambwezera ndalama msanga ndi buku la sukulu. Nthano ya munthu wosadziwika amaiopa ngakhale ikome chotani. Kukana kwake kawirikawiri kumanena za thumba lake la ndalama, osati za mutu wa mwana wanu.

Koma ndisakunamizeni. Nandolo wofumbwa amamkana pa Chiponde, akamkananso ku Namwera. Chifukwa chake mwanayo apereke zolemba zake kwa aphunzitsi, kapena kwa wina wokonda kuwerenga amene sangamnyengerere, ndipo pamene anena kuti nkhani yazizira, alembenso. Achibale okha sakwanira pa nchito imeneyi, pakuti amayamika zonse.

Khomo lina ndi mpikisano. Bambo Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatumiza nkhani yao ya Nthondo ku mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa, napambana. Buku linasindikizidwa m'Chinyanja mu 1933, ndipo mu 1934 Bambo T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Mukamva pa wailesi kapena kuona m'nyuzipepala kuti kuli mpikisano wa olemba, muuzeni mwanayo tsiku lisanapite.

Chotsala ndi chimene chimandidetsa nkhawa koposa. Mu 1957 Bambo Chinua Achebe a ku Nigeria anatumiza ku London buku lao loyamba, Things Fall Apart, lolembedwa pamanja, kuti akalitaipe. Linali limodzi lokhalo, analibe lina. Analipira ndalama, koma miyezi inapita kuli zii. Mwai wao unali wakuti mkulu wao wa pa nchito ku nyumba ya wailesi, Mai Angela Beattie, anali pa ulendo wa ku London, ndipo anakawadzudzula otaipawo maso ndi maso kufikira nchito inachitika. Pambuyo pake osindikiza ena analikana, koma a Heinemann anasindikiza mabuku 2,000 mu 1958. Akadataika mapepala aja, bwenzi buku limene lamasuliridwa m'zinenero zoposa 50 palibe.

Palibe mlimi amene amapereka mbeu yake yonse kwa munthu wa pa njira. Mwana wanu asanatumize kanthu, akopere m'kope lina, kapena ajambule tsamba liri lonse pa foni. Lotsala pakhomolo mulitsekere m'chitini, mulipachike pamwamba, kutali ndi chiswe, makoswe ndi pamene denga limadontha.