Dzina la mtundu wa galu si chiphaso cha thanzi

M'matauni a Liwonde, Ntaja ndi Balaka nyumba za mipanda ya njerwa zikuchulukirachulukira, ndipo kuseri kwa zipata zachitsulo kukuuwa agalu omwe agogo athu sankawadziwa: German Shepherd, Rottweiler, Boerboel. Ena amagulidwa ku Blantyre ndi ku Zomba, ena makolo awo adachokera ku Joni, komwe anyamata ambiri a maboma athu amapita kukasaka ndalama. Kagalu kotere kamagulidwa ndi ndalama yoti munthu akadagula mbuzi zingapo, choncho n'zomveka kuti mwini wake akamva zoti mitundu imeneyi imabadwa ndi matenda akumtundu, tulo timamusowa. Nkhawayo ili ndi maziko ndithu. Vuto ndi pomwe ambiri amaiika. Amadandaula ndi zomwe zili m'magazi a galu, zomwe sangazisinthe, kwinaku akulekerera zomwe zili m'manja mwawo: komwe akukagula galuyo, momwe akumudyetsera, nkhupakupa zomwe zili m'makutu mwake, ndiponso galu yemwe adzamukweretse.

Tiyambe ndi komwe matendawa adachokera. Mitundu ya agalu achizungu si yakale monga momwe ogulitsa amanenera. Bungwe la Kennel Club la ku Britain lidayamba mu 1873, ndipo German Shepherd adayamba kulembedwa m'kaundula mu 1899, pomwe Max von Stephanitz wa ku Germany adagula galu mmodzi n'kumutcha Horand von Grafrath. Kuti maonekedwe a galuyo asasokonekere, zidzukulu zake zinkakweretsedwa pachibale. Mitundu ina yambiri idapangidwa chimodzimodzi: agalu ochepa poyambira, kenaka kaundula n'kutsekedwa kuti magazi ena asalowe. Kagalu kamalandira theka la chibadwa kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo cholakwika chikachokera mbali imodzi yokha nthawi zambiri chimabisala. Koma mayi ndi bambo akakhala a gogo mmodzi, mwayi woti onse awiri apereke cholakwika chomwecho umakula. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis adayeza DNA ya mitundu 227 ya agalu, ndipo adapeza kuti pongoyerekeza, galu wa mtundu wolembedwa ali ngati mwana wobadwa kwa mchimwene ndi mlongo wake.

Zotsatira zake zimadziwika. German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel amavutika ndi chiuno: mutu wa fupa la ntchafu sukhala bwino m'malo mwake, umagwedera n'kumaperesa, ndipo galuyo akamakula amatsimphina n'kumavutika podzuka. Chitsanzo cha kwathu kuno kum'mwera kwa Africa ndi Rhodesian Ridgeback, yemwe malamulo a maonekedwe ake adalembedwa ku Bulawayo mu 1922. Mzere wa ubweya woyang'ana kutsogolo pamsana pake ndiwo ulemerero wake, koma kafukufuku wa mu 2007 adaonetsa kuti chomwe chimabweretsa mzerewo ndi chomwechonso chimachititsa tiagalu tina kubadwa ndi kaboo kolowera kumsana, komwe kamatha kuchita mafinya. Kunja nkhaniyi idafika pa mkangano waukulu. BBC itaonetsa filimu youlula mavuto a agalu amitundu mu 2008, Kennel Club idasiya kulemba tiagalu tobadwa kwa kholo ndi mwana wake kapena kwa agalu a bere limodzi, ndipo mu 2023 khothi lalikulu la ku Norway lidaletsa kubereketsa Cavalier King Charles Spaniel chifukwa cha matenda ake.

Kwathu kuno zinthu n'zothina kuposa pamenepo. Ngati ku Ulaya, komwe kuli agalu zikwizikwi a mtundu umodzi, chibale chidafika potere, nanga bwanji m'tauni momwe ma Boerboel amawerengeka ndi zala? Mphongo imodzi yotchuka imayendetsedwa mpanda uno ndi mpanda uwo, ndipo pakangopita zaka zochepa imapezeka ikukwera ana ake omwe popanda wolemba paliponse. Mlimi wa mbuzi ku Utale kapena ku Nsanama amadziwa kale kuti tonde akakhalitsa m'khola limodzi ana amayamba kubadwa onyentchera, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kusinthana atonde. Nzeru yomweyo timaiiwala tikafika pa galu, mwina chifukwa dzina lake lachizungu limatichititsa khungu. Wogulitsa akamalumbira kuti galuyu ndi weniweni, wosasakaniza, akukuuzani chifukwa chomwe mtengo wakwerera. Za thanzi sananene kalikonse, ndipo mwina mosadziwa wakuuzani choopsa.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, tisiyane nawo agalu achizunguwo, tisunge athu achikuda omwe amadya zotsala n'kumayendabe bwinobwino. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Galu wakumudzi adasankhidwa ndi dzuwa, njala ndi nkhupakupa kwa zaka mazanamazana, ndipo ku South Africa anthu ena adafika pokhazikitsa bungwe mu 1998 lomuteteza pansi pa dzina loti Africanis. German Shepherd sapirira matenda ena a nkhupakupa ngati mmene amachitira agalu ena. Pa nkhondo ya ku Vietnam asilikali a ku America adataya agalu ambiri a mtunduwu ndi nthenda ya ehrlichiosis, yomwe imatulutsa magazi m'mphuno. Komabe tisakokomeze. Kafukufuku wina wa ku Davis komweko wa mu 2013 adaunika agalu oposa 27,000 pa matenda 24 otengera kwa makolo. Matenda 10 adapezeka kwambiri mwa agalu amitundu, koma pa matenda 13, kuphatikizapo la chiuno lija, panalibe kusiyana pakati pa galu wamtundu ndi wosakaniza. Agalu akumudzi ambiri amafa ali aang'ono popanda wofunsa chomwe chawapha, ndiye timangoona opulumuka n'kumati onse ndi olimba. Komanso mwini golosale ku Balaka yemwe akuba adamuboolera khoma ali ndi chifukwa chomveka chofunira galu wamkulu woopsa. Kumuuza kuti adalakwa kugula sikumuthandiza, pakuti galuyo ali kale pakhomo.

Chomuthandiza ndi kudziwa kuti chibadwa sichigamula chokha. Ku America kudachitika kafukufuku wotsatira ma Labrador 48 moyo wawo wonse. Theka linkadya monga mwa nthawi zonse, theka linkapatsidwa chakudya chochepera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Odya pang'onowo adakhala moyo zaka pafupifupi ziwiri kuposa anzawo, ndipo nyamakazi ya m'chiuno idawachedwera kwambiri, ngakhale anali a mabere amodzimodzi. Izi zikutsutsana ndi momwe timanyadira galu kuno, pomwe Boerboel wonenepa ngati nkhumba ndiye amaoneka wosamalidwa. Kagalu ka mtundu waukulu kakakula mothamanga, thupi limalemera mafupa asanakhwime. Mbali inayi nayo ilipo: phala la madeya lokhalokha silimanga fupa, pafunika matemba, bonya kapena zotsala za kubutchala. Nthiti za galu zizimveka mukamusisita koma zisamaoneke patali. Kagalu kasakulire pa simenti yoterera kapena pa unyolo waufupi, ndipo m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala galu waubweya wambiri womangidwa padzuwa popanda madzi akhoza kufa tsiku limodzi, chiuno chake chili bwinobwino.

Tikanena zoona, galu wachizungu ku Liwonde kawirikawiri sakhala ndi moyo mpaka kudzadwala matenda aukalamba omwe mwini wake amawaopa. Parvo, nthenda yotsegula m'mimba magazi, imamaliza tiagalu tosabayitsa m'masiku ochepa, ndipo Rottweiler ndi German Shepherd ali m'gulu la omwe imawakonda. Nkhupakupa zimabweretsa malungo omwe amayeretsa nkhama. Pamwamba pa zonse pali chiwewe, chomwe sichisankha mtundu ndipo chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa dziko lonse chaka chilichonse, kuphatikizapo ana ambiri. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera nthendayi imasiya kufala, ndipo ndi cholinga chomwe bungwe la Mission Rabies lidayamba nacho ntchito ku Blantyre mu 2015. Likulu la ofesi ya zaulimi ya Machinga ADD lili pa Liwonde pomwepa, ndipo alangizi a ziweto amapezeka m'madera. Munthu wosowa tulo ndi DNA ya galu wake pomwe khadi la katemera lili mbuu, wasokoneza chachikulu ndi chaching'ono.

Enanso amati kunja kuli njira zoyezera, kujambula chiuno pa X-ray ndi kutumiza malovu ku labotale, pomwe ife tilibe pogwira. N'zoona kuti zipatala za agalu zodalirika, monga za BSPCA ndi LSPCA, zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ulendo wake ndi ndalama. Koma kuyezako sikuthetsa nkhawa momwe anthu amaganizira. Vuto la chiuno silichokera pa cholakwika chimodzi choti makina n'kuchiloza, ndipo ngakhale pa nthenda yopuwalitsa miyendo yakumbuyo ya German Shepherd wokalamba, pomwe kuyeza DNA kulipo, agalu ambiri opezeka ndi cholakwikacho sadwala konse. Maso a wogula amatha kugwira ntchito yaikulu. Kaoneni mayi wa tiagaluto ndi bambo wake, osati pa chithunzi cha pa WhatsApp. Muwaone akudzuka pomwe adagona, akuthamanga, akukwera chitunda. Galu wothamanga modumpha ndi miyendo yakumbuyo yonse pamodzi ngati kalulu, kapena wogwedeza mbuyo poyenda, akukuuzani zomwe wogulitsa sanena. Makolowo akhale opitirira zaka ziwiri, chifukwa asanafike pamenepo mavuto ambiri amakhala asanaonekere. Funsani komwe kudapita ana a bere loyamba, mukawaone. Funsaninso molunjika ngati mayi ndi bambo ali pachibale. Wogulitsa wokana kukulowetsani kumpanda, wofuna mukumane pa depoti ya basi kagalu kali m'katoni, wayankha kale.

Chovuta kuchimeza ndi ichi: galu wooneka kuti ali ndi nthenda yakumtundu asabereke. Apa ndi pomwe anthu ambiri amabwerera m'mbuyo, poti adagula galuyo akuwerengera kuti tiana take tidzabweza ndalama. Koma kubweza ndalama mwa njira imeneyi ndi kugulitsa nkhawa yanu kwa mabanja asanu kapena asanu ndi atatu a m'tauni momwemo, omwe mudzakumana nawo kumsika ndi kumaliro. Galu wa chiuno chofooka akhoza kukhala zaka zambiri akulondera bwino ngati sanenepa, akuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, akugona pofewa, ndipo akulandira mankhwala a ululu ochokera kwa dokotala wa ziweto, osati mapiritsi a anthu, omwe ena mwa iwo monga ibuprofen amaononga impso ndi m'mimba mwa galu. Choyenera ndi kumufula kapena kumutseketsa, basi. Ndipo inu oweta agalu ogulitsa ku Balaka ndi ku Liwonde, gulani kope la kusukulu, muzilembamo kuti kagalu aka mayi wake ndi uyu, bambo wake ndi uyu, ndipo muzilionetsa kwa wogula asanapereke ndalama.