Gudumu la Njinga: Lolukidwa ndi Manja Kapena la ku Fakitale?

Masiku ano achinyamata ambiri amalakalaka njinga zopepuka za matayala owonda, zija za mpikisano, kuti azipitira kusukulu kapena kuntchito. Tsono gudumu likatha, funso limagwera makolo: kodi tigule lina lolukidwa kale ku fakitale, kapena tigule limu, habu ndi masipoko padera, mmisiri atilukire?

Tiyambe tamvetsa chimene chimalimbitsa gudumu. Sipoko ndi waya wokokedwa, ndipo mphamvu ya gudumu ili m'kukokana kwa masipoko onse mofanana. Kalukidwe kopingasitsa masipoko kamene timakaona lero kanayamba ndi James Starley wa ku Coventry, ku Mangalande, m'chaka cha 1874. Sipoko imodzi ikakhala yolobodoka, imagwedera nthaŵi zonse pamene gudumu likuzungulira, kufikira itathyoka pokhota paja pafupi ndi habu. Gudumu lakumbuyo ndilo limazunzika koposa, pakuti limasenza wokwera ndi katundu wake yemwe, ndiponso pa njinga ya magiya masipoko a mbali ya tcheni amakokedwa kolimba kuposa a mbali inayo.

Makina a ku fakitale amaluka msanga, motero mtengo umatsika, zimenezo sitikuzinyoza. Koma magudumu ambiri a mpikisano ali ndi masipoko 20 kapena 24 okha, pamene gudumu wamba lili ndi 32 kapena 36. Paja njinga zakale za Raleigh, zimene agogo athu ankanyamulira matumba a chimanga, zinali ndi 40 kumbuyo! Pa masipoko 36, imodzi ikaduka mnyamata amakafikabe kwawo. Pa 20, limu limapindika mpaka kumakhula mabuleki. Kuwonjezera apo, makampani ena, monga Mavic ya ku France, anapangira magudumu awo ena masipoko a mtundu wawowawo, amene wokonza njinga wa pamsika sangakhale nawo. Njinga yokongolayo imangokhala m'nyumba, mwana nkumayenda wapansi.

Kwa munthu wopalasa tsiku ndi tsiku m'misewu ya maenje, ife tikusankha gudumu lolukidwa ndi manja: limu lolimba, masipoko wamba 32 kapena 36 osachita dzimbiri. Komatu si aliyense wogwira sipanala amene ali mmisiri. Mukalandira gudumu, lizani masipoko a mbali imodzi ndi chala monga mulizira nsambo za bangwe. Akamveka mofanana, ntchito yagwirika bwino. Imodzi ikalira mosiyana kwambiri ndi inzake, bwezerani gudumulo akonzenso.

Ngati ndalama zapereŵera, gulani la ku fakitale lomwelo, koma la masipoko ambiri. Musanalikwere, kalipatseni mmisiri alinganize kakokedwe kake, ndipo pakapita masabata aŵiri mubwerere nalo akalionenso.