Kizito sanayime yekha ku Namugongo

Pa 3 Juni chaka chilichonse Eklezia amatiitana kuti tikumbukire Charles Lwanga Woyera ndi anzake, Amartiri a ku Uganda. Kwaya imayimba mokoma, ndipo ena mwa ife tinabatizidwa maina awo. Koma tikafunsana kumphakati chimene anyamatawa anafera, yankho limakhala lalifupi: anafera chikhulupiriro. Zimenezi n'zoona, koma tikalekera pomwepo chikondwererochi chimatidutsa osatifunsa kanthu.

Ambiri mwa amartiri 22 amenewa anali anyamata otumikira kunyumba ya Mwanga, mfumu ya Buganda. Chakudya chawo, ulemu wawo ndi tsogolo lawo zinali m'manja mwa mfumuyo, imene inkafuna kumachita nawo zadama. Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa antchito a panyumbapo, ankawateteza, ndipo anadzudzulanso mfumu itaphetsa James Hannington, episkopi wa mpingo wa Anglican. Anamudula mutu pa 15 Novembala 1885. Usiku wa tsiku lomwelo Lwanga analandira ubatizo, napitiriza ntchito yotchinjiriza ana aja. M'mwezi wa Meyi 1886, zinthu zitafika poipa, anabatiza mobisa ophunzira chikhristu angapo, mmodzi mwa iwo Kizito, mnyamata wa zaka pafupifupi 14. Pa 3 Juni 1886 anatenthedwa ku Namugongo, Lwanga asanakwanitse n'komwe miyezi 7 chibatizidwire. Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera pa 18 Okutobala 1964.

Tsono tionetsetse: chikhulupiriro chawo chinayesedwa pamene munthu wamphamvu anafuna thupi la mwana wopanda mphamvu. Kodi mayeso otere anathera ku Buganda? Alipo atsikana amene amauzidwa kuti malikisi ali ndi mtengo wake. Alipo ofuna ntchito amene bwana amawaitana madzulo anzawo ataweruka. Alipo ana amasiye amene amakhala chete chifukwa wowazunzayo ndiye amalipira fizi.

Wina anganene kuti kulalikira za kulimba mtima n'kosavuta kwa munthu wokhuta, pamene wokana bwana amagona ndi njala. Mawu amenewa tisawanyoze. Tinenenso poyera kuti mwana wokakamizidwa alibe mlandu. Tchimo ndi la womukakamizayo. N'chifukwa chake sitifuna kuti chikondwererochi chisanduke katundu woti ang'onoang'ono asenze okha. Kizito sanayime yekha. Patsogolo pake panali Mukasa amene analankhula, pambali pake panali Lwanga amene anamuphunzitsa, kumubatiza ndi kumulimbitsa mtima. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Funso la pa 3 Juni, tsono, likulunjika kwa ife akuluakulu a m'magulu a achinyamata, a kwaya ndi a otumikira ku guwa. Kodi mng'ono wathu atavutitsidwa angatikhulupirire n'kutiuza? Akatiuza, tidzamuperekeza kwa makolo, kwa ansembe kapena kupolisi, kapena tidzaopa dzina la munthu wolemekezekayo, ngakhale atakhala wa mu tchalitchi mwathu momwe? Tisanayimbe nyimbo za amartiri, gulu lililonse likhale pansi ndi kugwirizana za anthu odalirika amene wovutika angathawireko.

Charles Lwanga Woyera ndi anzanu, mutipempherere ife.