TILEMBE MAINA KUSERI KWA ZITHUNZI ZA MAKOLO ATHU

M'nyumba zambiri m'dziko muno, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, muli chuma chimene eni ake sachiwerengera. Chuma chimenechi ndi zithunzi zakale: cha agogo atavala yunifolomu ya Keyala, cha amalume chimene adatumiza ali ku migodi ya ku Joni, cha ukwati pakhomo pa tchalitchi, cha aphunzitsi ndi ana awo kutsogolo kwa sukulu yofolera ndi udzu. Zambiri mwa izo zili pansi pa sutikesi, pomwe chiswe, mphemvu ndi chinyezi zikuzidya pang'onopang'ono. Chodetsa nkhawa koposa n'chakuti anthu amene angatiuze maina a nkhope zimenezi akutha chaka ndi chaka.

Aliyense wokayika za mphamvu ya chithunzi ayang'ane ndalama ya K500 kapena ya K2,000. Nkhope ya Mbusa John Chilembwe tikuidziwa lero chifukwa iye adaima pamaso pa wojambula, ndipo padapezeka anthu amene adasunga zithunzizo. Tili ndi chithunzi chake ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo Emma, onse atavala mwaulemu ngati anthu odziwa kuti sali ochepera munthu wina aliyense. Boma la atsamunda lidagumula tchalitchi chake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, itatha nkhondo yake ya mu Januwale 1915, koma nkhope yake silidathe kuifafaniza. Pakadapanda zithunzizo, mwana wa sukulu akadamva dzina lokha pa 15 Januwale, mwini dzinalo osamuona.

Koma anthu zikwizikwi a m'nthawi yake sadachite mwayi wotere. Gulu lankhondo la King's African Rifles lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba adali a amuna a dziko lino. Iwo adamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu Sepitembala 1914. Pa nkhondo imeneyo, imene makolo adaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 adalowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 adasenza katundu ngati amtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ana awo adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Zithunzi zawo zilipo ndithu, koma kawirikawiri wojambula ankalemba dzina la mzungu wokhala pampando, ndipo amene adaima kumbuyo kwake ankangowatcha asikari. Dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake sizinkalembedwa. Kusalungama kumeneku tingathe kukukonza ife eni, chifukwa m'midzi mudakali azigogo amene angaloze chala nkunena kuti uyu ndi bambo anga.

Alipo ena amene amanena kuti nkhondo zimenezo zidali za atsamunda, choncho palibe chifukwa chosungira zithunzi zake. Ife tikuti maganizo otere ndi olakwika. Kusunga chithunzi cha msilikali wa Keyala sikutamanda amene adamutuma ayi. Ndi kusunga umboni wa mtengo umene mtundu wathu udalipira. Chilembwe mwini adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo imene siidali yawo. Nkhope za anthu amene iye ankawadandaulira ndi zomwezi zili m'masutikesi mwathu. Tikazitaya, tataya mboni za mlandu wake.

Ndi chimodzimodzi ndi amuna amene adapita ku Wenela ndi ku Harare. Adavala suti ndi chipewa, nkukaima m'situdiyo kuti mkazi ndi ana kumudzi aone kuti bambo ali moyo. Ena adabwerako, ena adasanduka matchona, ena adafera m'ngozi ya ndege ku Francistown mu Epulo 1974. M'mabanja ena, kachithunzi kameneko ndiko kokha kamene kadatsala ka munthuyo.

Tisaiwale kuti dziko lino lidatayapo kale mbiri yake. M'chaka cha 1919 moto udapsereza maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi zidasanduka phulusa. Namondwe wa Freddy, amene adakokolola nyumba ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, adatikumbutsanso kuti zimene banja lasunga zaka makumi asanu zikhoza kupita usiku umodzi. Madzi akatayika saoleka.

Ntchito imene tikupempha siifuna ndalama zambiri. Choyamba, tengani chithunzi, khalani pansi ndi achikulire, ndipo mulembe kuseri kwake dzina la munthuyo, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi chaka ngati chikudziwika. Lembani ndi pensulo, osasindikiza kwambiri, popeza inki ya bolopeni imadutsa pepala. Chachiwiri, musachipachike pamene pamafika dzuwa kapena utsi wa kukhitchini, musachimate ndi guluu, ndipo musachiwotchere m'pulasitiki monga tichitira ndi ziphaso, chifukwa chikamatika sichimatukanso. Chiikeni mu envulopu pamalo ouma. Chachitatu, chijambuleninso ndi foni, kutsogolo ndi kuseri komwe, nkutumizira abale, kuti nyumba imodzi ikapsa nkhope ya agogo isapsere momwemo.

Kwa inu ogwira ntchito m'boma, udindo wanu ndi waukulu. M'maofesi a ma DC, m'sukulu zakale ndi m'zipatala muli zithunzi za mafumu, za misonkhano ndi za antchito oyamba. Pokonza ofesi, musalole kuti zitayidwe kudzala pamodzi ndi mapepala opanda ntchito. Nthambi yosunga mbiri ya dziko ya National Archives, imene idatsegulidwa ku Zomba m'chaka cha 1947, ndiyo malo ake. Nalo bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre. Inunso atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, amene mumadziwa khomo lililonse, tchulani nkhaniyi pa misonkhano yanu, ndipo limbikitsani achinyamata kuti akhale pansi ndi azigogo awo.

Mu Novembala chaka chilichonse timaika nkhata za maluwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, ndipo nkoyenera kutero. Koma ulemu weniweni kwa munthu ndi kumutchula dzina lake. Pensulo ilipo, chithunzi chilipo, ndipo achikulire odziwa maina akadalipo. Tiyeni tiyambe sabata ino.